Funsani Zakhali: nkhuku yodziphika yokha, magetsi othawa ndi dengu

Mwaswera bwanji nonse. Mwezi uno mafunso ambiri abwera a nkhani imodzi moti ndangowaunjika malo amodzi, kaya ndi chisanu cha June chi kaya, kuno kwa Chitakale chiperoni chagwira sabata yonse phiri osaoneka olo pang'ono, zovala osauma, makala nawo anyowa akungofuka utsi. Aliyense akufuna akafika pakhomo apeze kamsuzi kotentha kali kale. Amene munafunsa za zitumbuwa zomwa mafuta funso lanu ndasunga, lero tili pa nkhuku.

FUNSO: Zakhali, ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Luchenza koma ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Ndimanyamuka 6 koloko mmawa kubwera cha mma 5 kapena 6 kutengera ndi minibasi. Mchemwali wanga wa ku Joni anandibweretsera poto wamagetsi akuti slow cooker pa Khirisimasi, mpaka lero ali mu katoni pamwamba pa wadiropu ndimaopa kumuononga. Akuti umangoika nkhuku ndi masamba mmawa nkumapita, madzulo upeza zapsa. Zoona zimenezi? Ine ndatopa, kwathu tikumadya 9 koloko wamng'ono atagona kale ndi njala. (Mayi wotopa, Luchenza)

YANKHO: Mayi, tsitsani katoniyo mphemvu zisanayambe kulipira lendi mmenemo. Mchemwali wanu sananame, kungoti pali zina sanakuuzeni.

Musanasomeke tembenuzani potoyo muone kunsi, pali kapepala kolemba mphamvu ya magetsi. Za ku South Africa zimakhala za 220 mpaka 240V ngati zathu zomwezi, chosiyana ndi pulagi basi, yawo ili ndi mano obulungira pomwe masoketi athu amafuna mano amakona. Gulani adaputa yolimba kapena wa zamagetsi akudulireni aike pulagi yakuno. Zija zosomeka mawaya mu soketi nkutsinira ndi kamtengo ka machesi ayi ndithu, ichi ndi chinthu chokhala choyaka tsiku lonse inu kulibe. Ndipo amene mwatola wanu pa kaunjika kapena anakutumizirani abale a ku America, mukaona palembedwa 110 kapena 120V musayerekeze, apsa tsiku lomwelo.

Kagwiridwe kake nkosavuta. Mkati muli mphika wolemera wadothi, kunja chitini chomwe chimautenthetsa pang'onopang'ono, ndiwo sizibwata mwamphamvu zimangoti phwa phwa mmbali ngati mphika womwe wausiya pa makala akutha. Nthunzi ikagunda chivundikiro imabwerera momwemo. Magetsi sadya ambiri ngati mmene anthu amaopera, wa saizi ya pabanja amakoka ma watts cha mma 200, nde maola 8 ndi mayuniti osakwana awiri, pomwe hotipuleti ya 1000 watts yuniti imodzi imatha pa ola limodzi lokha, ndipo mukudziwa nokha kuti nkhuku ya lokolo pa ola limodzi imakhala isanayambe nkomwe kuganiza zofewa.

Pa nkhukupo, poto ameneyu anabadwira ya lokolo. Thadzi loti lasiya kuikira, tambala wokalamba uja amatha theka la thumba la makala, ya Mikolongwe, olo ma layers otha ntchito aja amagulitsa motchipa, zonsezi mu slow cooker zimagonja. Mitsempha yomwe imatithyola mano ija ndi imene imasungunuka ikakhala pa moto wochepa nthawi yaitali, nkusanduka msuzi wonata uja umamata milomo. Ya broila nayo imatheka koma ili ndi malamulo ake, ndayankha mmunsimu.

Ntchito yambiri igwireni usiku. Duladulani nkhuku nthuli 8 kapena 10, ipakeni mchere, adyo wosinja, jinja kachidutswa ngati chala chachikulu, curry supuni yaing'ono ngati mumakonda, muike mu kontena yotseka mu filiji. Mpeni, thabwa ndi manja zitsukidwe ndi sopo musanagwire china. Kenako sendani mbatata ya kachewere 4, kaloti 3 ndi anyezi 2 muike mu mbale ina, mbatatayo ikhale mmadzi isade. Ngati nkhuku ili mu firiza yauma gwa, itsitsireni mu filiji dzulo lake mmawa isungunuke yokha. Youma ndi ayisi osaiponya mu slow cooker, poto ameneyu amachedwa kutentha nde nyama imakhala maola ili yofunda chabe, ndipo kufunda kumeneko ndi komwe tizirombo totsegula mmimba timaswanirana.

Mmawa madzi osamba ali pamoto, tengani felempani mukazinge nthuli zija pa mafuta ochepa zingofiira kunja, mphindi 10 zakwana, kenako anyezi ndi tomato 4 mu mafuta omwewo. Ena amati kukazinga nkotaya nthawi ungoponya zonse zaziwisi. Zimapsa inde, koma zimatuluka zoyera mbuu ngati nkhuku yopititsa kwa odwala kuchipatala, ine pamenepa sindilumpha olo ndichedwe. Ubwino wina ndi woti zimalowa mu poto zili zotentha kale.

Posanja, mbatata ndi kaloti zipite pansi ndi mmbali chifukwa mu poto ameneyu ndi zimene zimachedwa kupsa kuposa nyama, zodabwitsa koma ndi choncho. Nkhuku pamwamba pake, kenako tomato ndi anyezi uja, tsabola wa kambuzi mmodzi wathunthu osamung'amba ngati ana akudya nawo, fungo lokha lilowe. Madzi theka la kapu, akachuluka kapu imodzi. Muona ngati achepa koma sanachepe. Zonse pamodzi zifike theka la mphika koma zisadutse magawo awiri mwa atatu. Vundikirani, tembenuzani pa Low, ndiye pa moto wochepa, thamangirani minibasi.

Tsopano chimene chandidetsa nkhawa mu kalata yanu ndi nthawi. 6 mmawa mpaka 6 madzulo ndi maola 12, pomwe ya lokolo pa Low imafuna 8, tambala wouma mutu 9 kapena 10. Mukasiya 12 yonse nyama ichoka yokha ku mafupa, mbatata isanduka phala. Ngati poto wanu ndi wa mabatani wodziwerengera nthawi amapita yekha pa Warm, pongosunga ndiwo zotentha, ikakwana, pamenepo bho. Ngati ndi wa kachotembenuza, mwana wamkulu akaweruka kusukulu cha mma 2 koloko angotembenuza aike pa Warm osavundukula, ndipo mumuuziretu kuti nthuli munawerenga. Pa Warm pasapitirire maola 4. Mbatata muidule zibenthu zikuluzikulu ngati dzira osati tating'ono ta chipisi. Chimene sindikufuna kumva ndi zogula ka timer ka pa soketi kuti poto adzayake 10 koloko nyama yaiwisi ili phee mmenemo kuyambira 6, ndi kutentha kwa ku Luchenza mwezi wa October kuja, ayi.

Masamba obiriwira ndi omaliza. Mpiru, repu, chayinizi, zitheba, giripepa, mukaika mmawa madzulo mupeza zakuda zonunkha ngati zogonera. Mukangolowa mnyumba chikwama chisanafike pampando, tembenuzani pa High, pa moto waukulu, ponyani masamba odula kale, vundikirani, terekani madzi a nsima. Mmene muzimaliza kuomola nsima mphindi 20 kapena 30 zadutsa masamba apsa. Mchere mulawe pamenepo. 7 koloko isanakwane wamng'ono uja wadya.

Ine pandekha mpiru ndimakonda kuuphika pambali wotendera nkhuku payokha, nsima ya ndiwo imodzi imandiwawa mtima, koma tsiku lotopa zonse mu poto mmodzi palibe amene anakamangidwapo. Chiwindi musaike mmawa chimafumbutuka nkuwawitsa msuzi, kazingani padera. Nthutumba ikani imafewa bwino, za kuti adya ndani mukakambirane kwanu konko.

FUNSO: Zakhali ine ndine mphunzitsi, ndimakhala ndekha pa Bvumbwe. Lachiwiri lapitali ndinasiya nkhuku pa Low 7 koloko, pobwera ndinapeza kagetsi ka poto kakuyaka bwinobwino koma nyama yolimba msuzi wosatentha kwenikweni. Aneba akuti magetsi anathawa cha mma 8 kubwera 3 koloko. Ndinaiwiritsa pa mbaula nkudya, nanga nkhuku mmene yadulira muja nditaye? Usiku umenewo ndinachezera kuchimbudzi. Nde potoyu ali ndi phindu lanji kuno kwathu? (Mphunzitsi, Bvumbwe)

YANKHO: Pepani aphunzitsi, ndikhulupirira mwapezako bwino. Ngati kutsegulako kukupitirira, kapena mukuona magazi, kapena thupi latentha, siyani kaye kuwerenga izi mupite kuchipatala, ndipo muzimwa ORS.

Chinachitika ndi ichi. Nyama inangoyamba kufunda ola limodzi magetsi nkuthawa, nde inakhala maola 7 mu mphika wotseka wofunda bwinobwino ngati mwaifungatira dala. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pamene tizirombo timachulukana msanga, ndipo a zaumoyo amati nyama isakhale mmenemo kupitirira maola 2. Kuwiritsa munachita kuja kunapha tizirombo inde, koma tina timasiya poizoni mu chakudya yemwe moto samutha. Nchifukwa chake kubwatitsa sikupulumutsa ndiwo zilizonse, ndipo mphuno sikuuzani, imatha kununkhira bwinobwino ili yoipa.

Choipa cha poto wa kachotembenuza ndi choti ndi wabodza. Magetsi akabwera amayambiranso ngati palibe chachitika kagetsi kali ngwee, inu nkumati zaphika tsiku lonse. A mabatani ambiri amangozima kapena kumaphethira, umadziwa kuti pachitika zina.

Nde ndinene zowawa. Mwapeza magetsi anathawa inu kulibe, nyama sinapse, tayani. Mtengo wa nkhuku ndikuudziwa, inenso ina ndinakaikwirira kudzala misozi ili lengelenge ana akundiyang'ana ngati ndapenga, tsiku limenelo tinadya mazira ndi kabichi.

Zikakhala kuti muli pakhomo magetsi nkuthawa, khuthulirani mu sefuliya mumalizire pa mbaula nthawi yomweyo. Mphika wadothi uja osauika pa makala kapena pa hotipuleti umang'aluka, ndipo wolowa mmalo mwake mudzayenda nawo Limbe yonse. Ngati ndiwo zinali zitapsa kale magetsi nkuthawa, musavundukule, zimakhala bwino mpaka maola 2.

Phindu lake lilipo koma inuyo mutembenuze nthawi. Phikani muli pakhomo. Mukaweruka, mwadutsa pamsika wa Bvumbwe mwatola kaloti ndi zitheba zanu, ikani pa High muzichonga makope, ya broila maola 3 yapsa ya lokolo 5 kapena 6, zimenezo ndi ndiwo za mawa ndi mkuja. Zikapsa gawani mu makontena osaya kuti zizizire msanga, zilowe mu filiji maola 2 asanathe. Filiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira maola cha mma 4 magetsi atathawa, firiza kuposa pamenepo, nde kontena ya mkuja iponyeni mu firiza. Potenthetsa gwiritsani mbaula kapena hotipuleti mpaka zibwate, osati slow cooker, amachedwa kwambiri. Tsiku lofuna kusiya mmawa yambani mwaona ndondomeko ya kazimidwe ka magetsi kudera lanu, komanso aneba anuwo akuoneka kuti ndi atcheru, apatseni nambala azikuimbirani akangothawa.

Wina anafunsa ngati angalumikize ku sola. Werengani bwino, ma watts 200 kwa maola 8 batire imodzi ya 100Ah siingakwanitse, mupeza batire yagona nkhuku nayo yagona. Ndipo amene mungathe gulani kathemomita kobaya nyama, nkhuku yapsa ikafika madigiri 74 pakati pa ntchafu, zoyerekeza ndi maso zimatha.

FUNSO: Anti ine ndinayesa ndi ya broila, zinatuluka madzi okhaokha nyama yonyenyeka ngati thonje mafuta ali yandayanda pamwamba. Amuna anga anangoti lero tamwa nkhuku. Ndinalakwitsa pati? (Wongolowa kumene m'banja, Chonde)

YANKHO: Kkkk amuna akowo ali ndi pakamwa. Usadandaule mwana wanga, tonse tinadutsa momwemo. Ine tsiku loyamba ndinathira madzi mpaka kumiza nyama ngati mmene timachitira pa mafuwa, kuopa kuti zipserera ine ndili kutchalitchi. Pobwera ndikuti ndivundukule, nthuli zikusambira ngati ana a sukulu pa Dziwe la Nkhalamba, anyezi akuyandama payekha, msuzi woti ukuona pansi pa mphika. Alendo atakhala kale pabalaza. Ndinachita kutsanulira msuzi wonse mu sefuliya kuubwatitsa pa mbaula kuseri kwa nyumba mphindi 20, uku ndikunamizira nsima kuti yachedwa.

Pa mbaula madzi amauluka nkumaonjezera ena, mu slow cooker sapita kulikonse, ndipo tomato, anyezi ndi nyama zimatulutsanso awo. Broila ndiye kwambiri, imeneyi ndi nkhuku ya masabata 6 chabe, yofewa kale yamadzi kale. Ukaika tomato 4 madzi usathire nkomwe. Chikopa chotsa, ndi chimene chinakupatsa mafuta aja, ndipo mu poto ameneyu sichikhala chokhuma chimangoterera. Sankha ntchafu ndi miyendo, nganga imauma nkumangonyenyeka, imeneyo usungire tsiku lokazinga. Nthawi yake pa Low maola 5, pa High 3, basi. Nde tsiku loti uchoka kuyambira mmawa mpaka madzulo broila si nkhuku yake.

Msuzi ukachulukabe, dyola mafuta ndi supuni, sungunula nsinjiro masupuni atatu mmadzi ozizira pang'ono uthire, ika pa High chivundikiro chili chopendeka mphindi 20 kapena 30. Nkhuku yotendera imeneyo ndi mpunga wa Kilombero amuna akowo sayankhulanso. Nsinjiro kulibe, supuni imodzi ya ufa woyera kapena wa chinangwa imagwira ntchito yomweyo, bola usungunule kaye usathire wouma upanga zibuluma.

China, mkono wovundukulavundukula uja uusiye. Ukatsegula kamodzi kutentha kumathawa, waonjezera mphindi ngati 20. Chivundikiro anachipanga chagalasi kuti uzisuzumira ndi maso.

FUNSO: Zakhali nkhani zanu za mapoto amagetsizi ife a kuno ku Thekerani zimangotidutsa pamwamba. Magetsi tilibe, nkhuni zavuta, ine mmawa kumunda masana kumsika ndi geni yanga kubwera kwada. Palibe njira ya ifeyo? (Mayi wa geni ya mandasi, Thekerani)

YANKHO: Ilipo mayi, ndipo kunena zoona ine imeneyi ndimaidalira kuposa yamagetsi chifukwa palibe amene angaizimitse.

Pezani dengu lakuya lalikulu kuposa sefuliya wanu. Pansi ndi mmbali yalani zinthu zosunga kutentha, bulangete lakale, nsanza, thonje, nyuzi zofinyafinya, masamba a nthochi ouma bwino, kaya mankhusu a mpunga kapena utuchi mu timatumba tansalu, zothinana kukhuthala ngati chikhatho mbali zonse. Pamwamba pake kutani ndi chitenje musokerere kuti pakati patsale chisa choti sefuliya alowe bwinobwino osasiya mpata. Sokaninso kapilo konenepa kotsekera pamwamba. Mwamaliza. Ena amati fireless cooker. Ku South Africa mayi wina dzina lake Sarah Collins mu 2008, nthawi yoti nakonso magetsi amazimazima, anapanga thumba lotchedwa Wonderbag lomwe amagulitsa mpaka kunja, nzeru yake ndi yomweyi, mphika ukabwata nkuufunditsa bwino umapitiriza kupsa wokha.

Kaphikidwe kake kakusiyana ndi ka slow cooker pa chinthu chimodzi, tcherani khutu. Kuno madzi amafunika amize nyama ndipo sefuliya akhale pafupi kudzadza, chifukwa madzi otenthawo ndiye moto wanu. Kamphika kofika theka kamazizira msanga. Kazingani nkhuku ndi anyezi ndi tomato monga mwa masiku onse, ikani mbatata ndi kaloti, thirani madzi, vundikirani ndi chivundikiro chokwana bwino, zibwate kwambiri. Ya lokolo mphindi 30 kapena 40 ikubwata, ya broila 15 kapena 20. Kenako osavundukula olo pang'ono, phulani, onani kunsi kuti sikunamatirire khala lamoto, lowetsani mu dengu msangamsanga, pilo pamwamba, chitenje mangani. Mapepala apulasitiki asakhudze mphika amasungunuka.

Pakatha maola 3 kapena 4 zapsa. Potsegula nthunzi izituluka ndipo sefuliya akhale woti simungamugwire ndi manja, mukamupeza wofunda chabe ndiye nkhani ya aphunzitsi a pa Bvumbwe ija. Nchifukwa chake dengu losoka tokha ine sindilola lidutse maola 5 muli nyama. Kwa inu zikuyenda bwino, bwatitsani masana pochokera kumunda pa moto womwe mwakazingira mandasi, madzulo pobwera kumsika bwezeretsani pamoto ndi masamba anu zibwate mphindi 10, nsima pambali. Moto wa maola atatu wasanduka wa mphindi 40, ndipo mukaphatikiza ndi mbaula ya Chitetezo mtolo umodzi wa nkhuni muona mmene ukhalitsire.

Langa ndinasokera bulangete lomwe anafundira ana anga onse, lili pakona kukhitchini. Vuto ndi mphaka, mwezi uno wa June akangoona ndamanga chitenje amakwera pamwamba nkugona mpaka madzulo, ndinasiya kumuthamangitsa poti naye akuthandiza kupsinja pilo.

FUNSO: Kodi nyemba nazo ndingaike mmawa pamodzi ndi nkhuku? (Wowerenga, Limbuli)

YANKHO: Zouma zosawiritsa ayi. Nyemba, makamaka zofiira zikuluzikulu zija, zili ndi poizoni wachilengedwe yemwe amafa pokhapokha zikabwata kwambiri, ndipo moto wa Low sufika pamenepo bwinobwino. Njere 4 kapena 5 zosapsa zikukwanira kukusanzitsani pasanathe maola 3. Ziviikeni usiku wonse, tayani madziwo, bwatitsani mmadzi ena pa moto waukulu mphindi zosachepera 10, kenako ndiye zilowe mu slow cooker kapena mu dengu. Nandolo wouma mchitireni chimodzimodzi. Choseketsa nchoti amene anapanga poto ameneyu ku America, Irving Naxon, anapangira nyemba zomwezi, dzina lake lamalonda loti Crock-Pot linachita kubwera mu 1971.

Kalongonda ndiye musayese nkomwe. Ife a kuno tikudziwa mmene amafunira, kubwatitsa ndi kutaya madzi kubwatitsa ndi kutaya madzi tsiku lonse, poto wosunga madzi ake omwewo ngati uyu si mnzake.

FUNSO: Zakhali, akazi anga anagula poto ameneyu. Mayi anga abwera kudzacheza kuchokera kumudzi nde akuti ndi poto wa alesi, nkhuku yoti sunaime nayo pamoto siikoma. Akazi anga akwiya, amayi sakudya bwino, ine ndili pakati. (Bambo wosowa chonena, Mulanje Boma)

YANKHO: Achimwene, pa kukoma amayi ali ndi mfundo pang'ono musawatsutse. Kafungo ka utsi wa nkhuni ndi kamsuzi kopserera pansi pa mphika slow cooker sangakupatseni, ndipo lilime lomwe lakula ndi mafuwa limadziwa. Koma zimenezo zili ndi mankhwala ake, nkhuku mukaisosola iwauleni pa moto wa nkhuni monga timachitira kumudzi, nthuli zake muziwambe pang'ono pa makala kapena muzikazinge mpaka zifiire kwambiri, tomato apse bwino mu mafuta asanalowe mu poto, ndipo zokhala pansi pa felempani zija mutsukuluze ndi timadzi muthire momwemo.

Pa za ulesizo ndili ndi funso langa, akazi anu amadzuka nthawi yanji ndipo inu mumadzuka nthawi yanji? Musandiyankhe. Loweruka likubwerali gulani thadzi la lokolo pamsika, mudule ndinu musosole ndinu muwaule ndinu, akazi anu asanje mu poto. Amayi muwaikire ntchafu ndi nthutumba, za kuti yaphikidwa muti muwauze akapempha msuzi wina. Mbale mutsukenso ndinu, koma mphika wadothi uja muudikire uzizire kaye musanauthire madzi a pampopi, ukasweka mmanja mwanu musandilembere.